Kaseti ya Mipata

Chigayo cha a Wadson,
Balaka.
8 Febuluwale 1987

Chemwali wanga Lukiya,

Salamu alaikumu. Ali uli kumeneko? Amayi mwendo uja ukuwavutabe? Nanga amalume a Chande? Ine kuno ndili bwino, kungoti tsiku lonse ndimakhala mbuu ngati ndagwera m'thumba la ufa. Satifiketi yanga ya Fomu 2 ikugwira ntchito yoyeza chimanga cha eni ake pasikelo.

Tsopano khala pansi, ungagwe. Ndapeza situdiyo! Kuseri kwa msika kuli bambo ena, a Elliam, anakhalitsa ku Halale n'kubwerako ndi makina ojambulira nyimbo. Chipinda chawo anamata mathireyi a mazira khoma lonse, pawindo anatsekapo matiresi. Ukatseka chitseko dziko lonse limangoti zii. Ali ndi kabokosi koimba ng'oma pakokha, popanda munthu. Ndikulumbira, ndaona ndi maso angawa!

Ndinawaimbira nyimbo yathu ya Sitima ya ku Nayuchi ndi banjo yanga ya chigubu ija. Sanaseke. Anati, "Mphwanga, nyimbo ilipo, chasowa ndi demo." Demo ndi kaseti yachitsanzo imene umapita nayo kwa akuluakulu a wailesi ku Blantyre. Akaikonda amakuitana, basi, dziko lonse n'kukumva.

Koma ndawauza kuti ine ndimangotsogolera, wovomera ali kumudzi. Ndikati "Sitima yalira ku Nayuchi," pamafunika iwe uti "Ilire, ilire, ife tili pompano," monga tinkachitira posenda chinangwa pakhonde paja. Kuno ndikaimba ndekha ndimayankhidwa ndi injini ya chigayo.

Mtengo wake ndi wa mbuzi yathunthu ndi kena pamwamba. Kapamwambako ndisunga pamalipiro anga. Iwe undigulitsire mbuzi yanga yamawanga ija. Zikakwana ndikuitana, ukwere basi, tidzalowe m'chipinda chija tonse awiri.

Yankha msanga, undiuze zonse za kumudzi, ngakhale za nkhuku.

Ndine mlongo wako,
Uladi

*

Chikweo,
26 Febuluwale 1987

Achimwene,

Alaikumu salamu. Ife tili bwino. Amayi mwendo ukutupabe kukachita mitambo, koma kumunda sasiya. Akuti muwagulire mafuta opaka aja a m'kabotolo kobiriwira. Mvula ikugwa ngati ili ndi mlandu nafe. Nkhuku mwafunsazo zilipo, imodzi yapita ndi kabawi.

Kalata yanu ndinawerengera amayi, anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Mbuzi ifere mathireyi a mazira? Bola akanati mazirawo alimo."

Achimwene, imvani. A Hamadi, msuweni wathu, abwerako ku esiteti ya fodya ndi wailesi ya kaseti, yaikulu ngati sutukesi. Imajambula! Dzana anajambula amalume akukalipira mbuzi, atawatsegulira amalume anatembenuka kufuna kuona amene akuwayeseza. Ndiye ine ndikuti, bwanji osangobwera? Titenge mpeni ndi chinangwa, tikhale pansi pa mango, a Hamadi adine batani. Ndalama yake ndi ya mabatire basi. Ya a Elliam muzidzachita bwino lake, koma iyi tichite mwezi uno.

Ndati mwezi uno chifukwa kuno kukubwera alendo. A Bakari, mwalimu wa madrasa wa ku Ngokwe, abwera kawiri ndi amalume awo kudzakhala pamkeka ndi amalume athu. Maulendo onse awiri tiyi anandiphikitsa ineyo, ndipo amayi anati ndivale chitenje chatsopano. Inu munapita kusukulu kuposa ine, werengani bwino.

Mbuzi sindinagulitse. Bwerani kaye.

Ndine chemwali wanu,
Lukiya

*

Balaka,
12 Malichi 1987

Lukiya iwe,

Moni kwa onse. Mafuta a amayi ndagula, ndikusowa womupatsira.

Za a Bakari ndamva. Akufuna chopereka cha malata a madrasa, sichoncho? Amalume awauze kuti sitinakolole. Ndipo usamawathirire shuga wambiri, angazolowere.

Tsopano za wailesi ya Hamadi. Iyayi, chemwali, iyayi! Ndinawafunsa a Elliam, anangopukusa mutu. Akuti ku Blantyre makaseti amafika odzaza thumba, ndipo akuluakulu aja akangomva tambala kulira kumbuyo kapena mwana kukhosomola, amaitulutsa mzere woyamba usanathe. Nyimbo yabwino imafera pomwepo. Kodi ukufuna mawu ako akamveke ngati ukuimbira m'mtsuko?

Kuno nakonso ndili ndi mdani. Willard, mnzanga woyendetsa injini, tsiku lililonse amandigwetsa ulesi. Akuti, "Aise, a Elliam amauza aliyense kuti nyimbo ilipo. Ngakhale bulu atalowamo ndi chikwama angamuuze zomwezo." Akuti amene akukufuna amakujambula ulere, amene akukulipiritsa akufuna mbuzi yako. Ine ndinamuyankha kuti nanga iye bwanji amachapa malaya akamapita kukafunsira, poti mtima wake ndi womwewo? Anandigenda ndi chitsononkho.

Komanso a Elliam amadziwa zinthu. Vesi lija lonena za shuga wosowa m'sitolo anati, "Ili lisalowe m'makina anga, ndili ndi ana." Ukuona? Tikanajambula tokha tikanadziputira.

Usafulumire, Lukiya. Mawu ako sathawa. Ndikufuna tsiku loyamba kudzimva wekha udzimve bwinobwino, ngati anthu a pawailesi. Ndikatseka maso ndimakuona utavala zomvera za m'makutu zija pamwamba pa mpango, ukuseka. Gulitsa mbuzi, chonde.

Mlongo wako,
Uladi

*

Chikweo,
24 Malichi 1987

Achimwene,

Moni. Tonse tili moyo. Malata a madrasa! Sukulu yanu ija inakuphunzitsani chiyani kodi?

Ndinena mosabisa. A Bakari akundifunsira, amalume avomera, nanenso ndavomera. Palibe wandikakamiza. Ndi munthu wofatsa, amalankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Ndowa yathu, ndikunena ukwati, ichitika Lamulungu pa 19 Epulo, Ramadhani isanalowe. Poti iwo sangasiye mzikiti wawo, ine ndi amene ndipite ku Ngokwe.

Ndinawafunsa ndekha za kuimba. Anati mkazi wa mwalimu mawu ake sangamveke pawailesi, m'masitolo ndi m'malo omwera mowa, ana amene iwo amawaphunzitsa akumva. Sanakalipe. Ine ndinamva, ndipo sindiwachititsa manyazi. Ndiye kuti ndowa ikangochitika, ku Balaka kwanuko sindingabwere kudzaimba.

Koma pakali pano ndikadali mwana wa amayi. Bwerani isanafike 19, achimwene. Ya a Hamadi yomweyo, tambala alire, mbuzi ilire, bola pakhale kaseti imodzi imene muli inu ndi ine. Ngakhale isapite kulikonse. Ndidzaiike pansi pa sutukesi.

Mbuzi ndagulitsa, chifukwa amalume anayamba kuiyang'ana ndi maso a mpunga wa pa ndowa. Ndalama yake ndamanga m'kansalu. Ngati mukufuna ikhale ya basi, ikhale ya basi. Kalatayi sindiponya kupositi, msewu waonongeka ndipo galimoto yamakalata ikumabwera ikafuna. Kalata ndi kansalu komwe ndapatsira a Chester ogulitsa milamba aja, akuti pofika Lachisanu akhala ali ku Balaka ndi njinga yawo.

Sitima ikulira m'mawa uliwonse. Ndikumayankha chamumtima.

Lukiya

*

Balaka,
15 Epulo 1987

Lukiya,

Moni, ngati moni wanga ukufunikabe kumeneko. Mwezi wathunthu osayankha? Tsiku lililonse ndimafunsa a Wadson ngati kwabwera kalata, mpaka ayamba kundiyankha ndisanatsegule pakamwa. Wakwiya chifukwa ndinanyoza wailesi ya Hamadi? Pepa, ndi yabwino, ajambulire amalume.

Ine sindinagone. Ndasiya tiyi wa m'mawa, nsapato ndikumanga ndi waya, ndipo ndapereka chikole kwa a Elliam. Atilembera Loweruka pa 6 Juni, chikondwerero cha Idi chitadutsa. Tsiku limenelo chipinda chonse ndi chathu! Uyambe kumwa madzi otentha a mandimu, usamakuwe poitana mbuzi. Ubwere ndi chitenje chako chatsopano chija, pali wojambula zithunzi pasitesheni.

Ndapeka vesi lina, koma sindilemba pano, ndikufuna ndidzaone nkhope yako. Nanga mbuzi ija?

Uladi

*

Ngokwe,
27 Epulo 1987

Achimwene,

Moni wochokera ku Ngokwe. Ndili bwino, a Bakari akupereka salamu.

Simunabwere. Tsiku la ndowa amayi anakusungirani mpunga mpaka unachita thukuta m'mbale. Galimoto iliyonse ikamveka ndinkasuzumira pansi pa nsalu. A Hamadi anagula mabatire atsopano ndi kaseti yosatsegula, anakhala nazo pansi pa mango masabata atatu. Amalume anati, "Musiyeni, tauni yamudya."

Dzulo a Hamadi andibweretsera kalata yanu ya pa 15. Ndinaiwerenga kutsogolo ndi kumbuyo kufuna liwu limodzi lonena za ukwati wanga. Ndapezamo mandimu.

Ndalama ya mbuzi munalandira, ndiye mukufunsiranji? Jambulani bwino pa 6 Juni. Ku Balaka atsikana oimba ndi ambiri.

Lukiya

*

Balaka,
5 Meyi 1987

Lukiya, chemwali wanga, Lukiya,

Sindikudziwa poyambira. Moni. Ukhululuke zolembazi.

Makalata ako awiri afika tsiku limodzi, dzulo. Ya ku Ngokwe a Wadson anandipatsa m'mawa, ndinaiwerenga osamva kanthu. Ndowa iti? Ndalama iti? Masana ndikungoona a Chester atayima pakhomo la chigayo, owonda, opanda njinga, akutulutsa kalata m'thumba la malaya, ikununkha milamba. Akuti ku Liwonde anakumana ndi anyamata ofunsa makhadi a chipani aja, iwo lawo anali ataiwala kunyumba. Njinga ndi nsomba zinatsala komweko, iwo anabwerera wapansi kwawo kwa Kawinga, n'kugwidwa malungo. Zambiri sindilemba papepala. Kansalu kako sanakamasule n'komwe, mfundo yake ndi yako yomwe ija.

Ndinakhala pa thumba la chimanga n'kuwerenga. Willard anazimitsa injini anthu ali pamzere, palibe anadandaula.

Sindinadziwe, Lukiya. Wallahi sindinadziwe. Koma ndikanama ndikati mlandu wonse ndi wa a Chester. Unandiuza za tiyi ndi chitenje, ine mutu uli m'mathireyi a mazira. Unati mwezi uno, ine ndinati mawu ako sathawa.

Ndani anakuperekeza ku Ngokwe? Unalira? Nyumba yake ndi yotani, chitsime chili patali? Amayi atsala ndi ndani? Undiuze zonse, ngakhale mondikalipira. A Bakari uwauze kuti mlamu wawo si wamwano, ndi wopusa chabe.

Chikole a Elliam akuti sabweza. Sindikudziwa chochita ndi tsiku lija. Undiuze iwe.

Uladi

*

Balaka,
9 Juni 1987

Chemwali,

Salamu. Idi munadya bwino? Sunandiyankhe, ndipo sindikukudandaula. Ine Idi ndinadyera pachigayo. Kumudzi ndinachita manyazi kupita, pakhonde paja ndikanakhala ndi ndani?

Loweruka ndinapita kwa a Elliam. Ndinati mbuzi yafa kale, bola ndione chimene yafera. Iwo anali atandipezera mtsikana wa kwaya ya kutchalitchi, dzina lake Joanna. Mawu ake, eee, ngati belu. Anaphunzira nyimbo yonse ndisanamalize kukunga banjo.

Anatsegula kabokosi ka ng'oma, ndinavala zomvera, ndinayamba: "Sitima yalira ku Nayuchi." Ndisanapume n'komwe Joanna walowa kale, "Ilire, ilire." Ine mzere wanga wotsatira unandidutsa. A Elliam anaimitsa, "Mphwanga, iweyo walowa mochedwa." Tinabwereza, chimodzimodzi. Tinabwerezanso. Akuti, "Kodi ukudikira chiyani? Mtsikanayu akulowa pamalo pake penipeni."

Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndinkadikira. Mpeni wako. Iwe suvomera mpeni usanafike kumapeto kwa chinangwa. Chikakhala chachitali umachedwa, chikakhala chachifupi umafulumira, ndipo ine zaka zonsezi ndimaimba maso ali pa dzanja lako. Sindinkadziwa kuti ndimatero. M'chipinda muja munalibe choyang'ana, mathireyi okhaokha.

Ndinamupepesa Joanna, ndinamupatsa yake ya sopo, anapita akundiyang'ana ngati wamisala. Ndinawauza a Elliam kuti ndiimba ndekha, malo ovomera asiye opanda munthu. Anati, "Kaseti yamabowo? Ku Blantyre akaiseka imeneyo." Ndinati sikupita ku Blantyre. Anati ndalama ndi yanga.

Ndiye ndi imeneyi ndakutumizirayi, a Hamadi akupatsa. Banjo ikumveka ngati ya m'sitolo, tambala mulibe, chifuwa mulibe. Ine ndikuimba, kenaka mpata, ng'oma zokha. Mipata yonseyo ndi yako. Vesi latsopano lija lili kumapeto. Si ya pawailesi, a Bakari asade nkhawa, palibe amene adzaimve.

Willard akuti ndine munthu woyamba m'Balaka kugula chete ndi mbuzi. Kodi akunena zoona? Undiuze iwe, ngakhale mzere umodzi.

Mlongo wako,
Uladi

*

Ngokwe,
19 Julayi 1987

Achimwene anga,

Alaikumu salamu. Ndili bwino, ndanenepa pang'ono. Chitsime chili pafupi, nyumba ndi ya njerwa zosawotcha koma sidontha. Amayi ndinawaona sabata yatha, mafuta aja afika, akuti mwendo wapepuka koma mwana wawo wamwamuna ndi amene akuwawawa.

Ndinachedwa kuyankha chifukwa ndinali ndisanathe kukwiya. A Chester anabwera okha kudzapepesa, ndinawakhululukira pomwepo. Inu ndinati mudikireko kaye, mumve mmene zimakhalira.

Kaseti inafika. A Bakari ali ndi kawailesi kawo komvera makaseti a maphunziro. Ndinawapatsa m'manja, ndinati, "Iyi yachokera kwa alamu anu, muyambe ndinu kuimva." Anamvera yonse atagwira chibwano. Atamaliza anati, "Bwanji ikungoduka?" Ndinawauza. Pamenepo anati, "Ine ndinakana za m'masitolo. Za kuseri kwa nyumba yanga sindinanenepo kanthu." Anasiya wailesi pakhonde n'kupita kumzikiti.

Mukufuna ndikuuzeni zoona? Willard akunena zoona pang'ono. Mawu anu ndi okoma, inde, koma mukumveka ngati mwavala jekete yobwereka. Ndikanakonda ya pansi pa mango, ya tambala, mukulakwitsa n'kumaseka. Imeneyo sitidzakhala nayo, ndipo ndikaganiza zimandiwawabe. Vesi latsopano lija ndinalira nalo, musandifunse zambiri.

Ndipo mipata yanuyo ndi yaifupi! Ndinatenga mpeni ndi dengu la chinangwa choti tiyanike chikhale makaka, ndinakhala kuseri, ndinatsegula. Inu "Sitima yalira ku Nayuchi," ine mpeni uli pakati, ndikuti ndikoke mpweya, mwayamba kale mzere wina. Kabokosi ka a Elliam sikadikira munthu. Ndinayesa kusankha zinangwa zifupizifupi, osatheka. Tsiku loyamba ndinadzicheka chala, ndinatseka wailesi, ndinati basi, mbuzi inapita pachabe.

Mawa lake ndinaona kabatani kena pambali, koimitsa kaye kaseti osaizimitsa. Ndiye pano ndimachita chonchi: wailesi ndimaiika pansi pafupi ndi phazi. Mukangomaliza mzere wanu ndimadina ndi chala chachikulu cha kumwendo, inu n'kukhala chete. Ndimasenda chinangwa changa bwinobwino mpaka kumapeto, ndimavomera mmene ndikufunira, "Ilire, ilire, ife tili pompano," kenaka n'kukumasulani. Nthawi zina ndimakusiyani choncho n'kukayang'ana mphika. Ndikabwera ndimakupezani mukudikirabe, osadandaula. Simunayambe mwandimverapo chonchi chibadwire.

Ku Blantyre musaleke chifukwa cha ine. Pekani zina zoti Joanna angathe, mukazisunga bwino ndalama mudzayesenso, kapena muyambe mwayesa ya a Hamadi, muone ngati tambala amaphadi nyimbo. Koma ya Sitima musapatse munthu.

Makaka tikhala tikusenda mpaka Sepitembala, ndipo a Bakari akuti mlamu amene sanadye mpunga wa ndowa ali ndi mbale yake kuno. Bwerani ndi banjo. Muzidzayang'ana mpeni.

Pakali pano ndalama sindikufuna. Mawu anu ayamba kukoka ngati munthu wodwala, madzulo ano mwaimba ngati ng'ombe. Tumizani mabatire.

Ndine chemwali wanu,
Lukiya